Mwana agwire waya asanagwire fosholo

Sukulu zikatsekera mu Epulo, mu Ogasiti ndi mu Disembala, makomboni a ku Kwekwe, Redcliff, Shurugwi ndi Zvishavane ku Zimbabwe amadzaza ndi ana osowa chochita. Mwezi wathunthu ndi nthawi yaitali kwa mnyamata wa zaka 12. Amaona makorokoza, anthu okumba golide paokha, akubwera madzulo ndi madola m'thumba, ndipo mtima wake umayamba kulakalaka fosholo ndi tochi yapachipumi. Sitidaiwale za mu Marichi 2023, pamene chipinda chophunziriramo pa pulaimale ya Globe and Phoenix ku Kwekwe chidatitimira ana ali m'kati, chifukwa ofuna golide adali atafukula kunsi kwake. Makolo anzanga, kuwongola mtengo mpoyamba.

M'mizinda ikuluikulu ya dziko lapansi muli chizolowezi chosonkhanitsa ana pa tchuthi kuti aphunzire za magetsi ndi makina. Amawapatsa tinjerwa tapulasitiki ta LEGO, tochokera ku Billund m'dziko la Denmark, pamodzi ndi timota, timagiya ndi mabatire. Mwana amamanga kagalimoto kapena kachikepe konyamula katundu, nkukayendetsa yekha. Osinkhukirapo amalumikiza kabolodi ka Arduino, kamene kadapangidwa ku Ivrea ku Italy mu 2005, nkukalamula pa kompyuta kuti kayatse babu kapena kazungulitse mota. Nzabwino zimenezi, ndipo kholo limene lingakwanitse kulipira lisaumire. Koma ambiri a ife tikamva mtengo wa zipangizozo timangoti izo nza ana a mabwana, nkukhala pansi. Apa mpamene tikulakwa.

Kumbukirani kumene tidachokera. Agogo athu adachoka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, ena ku Tete ndi ku Chipata, ena wapansi, ena kudzera m'bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, kudzagwira ntchito m'migodi ya golide ya ku Kwekwe, ya kolomu ya ku Selukwe (Shurugwi ya lero) ndi ya asibesitosi ya Shabanie ku Zvishavane. Adakhala zaka zambiri pafupi ndi makina, akunyamulira mzungu sipanala, akudziwa kulira kwa pampu yodwala, koma lamulo la Industrial Conciliation Act la 1934 lidawatsekera khomo la umisiri wa mapepala. Ana awo ndiwo adalowa khomolo dziko litalandira ufulu mu 1980, nakhala amisiri a magetsi ndi a makina ku ZISCO, ku Zimasco ndi ku Shabanie. Kenaka ng'anjo za ZISCO ku Redcliff zidazima mu 2008, mgodi wa asibesitosi nawo udaima, ndipo amisiri aja lero ali pakhonde, tsitsi lambuu, luso lili m'manja. Luso limenelo likalowa nawo m'manda, tidzadandaulira yani?

Ndiye ndikupempha inu achikulire amene mudagwirapo waya: tengani ana khumi a m'dera lanu, m'mawa uliwonse wa tchuthi, mukhale nawo m'holo ya tchalitchi, pamzikiti kapena pansi pa mtengo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Zipangizo zilipo kale kudzala: wailesi yakufa, DVD yotayidwa, tochi yosweka, zitsekerero za mabotolo, mphira wa chubu cha njinga. Ana athu ndi akatswiri akale pa magalimoto a waya, chimene chikusowa nkuwaonetsa pomangirira mota.

Yambani ndi batire la mavoti 1.5, kababu ndi mawaya awiri. Mwana aone yekha kuti magetsi sayenda pokhapokha njira itazungulira nkubwerera ku batire, ndipo kuti switchi ntchito yake nkudula njirayo basi. Mukamupatsa kababu ka LED ndi mabatire awiri, musamuuze msanga chifukwa chimene kakukanira kuyaka. Musiyeni avutike, atembenuze miyendo yake, mpaka atulukire kuti mwendo wautali umafuna mbali ya pulasi. Kuona maso a nkhono nkudekha. Tsiku lina asinthanitse mawaya a mota, aone gudumu likubwerera m'mbuyo. Lina alumikize kagiya kakang'ono ku giya yaikulu, aone liwiro likuchepa koma mphamvu ikuchuluka, ndiyeno mumulozere chikepe cha pamgodi ndi lamba wonyamula miyala, mumuuze kuti nzeru yake ndi yomweyo. Akazungulitsa mota ndi dzanja kababu nkuthwanima, mumusimbire za William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene adamanga makina amphepo ndi dainamo ya njinga ndi zitsulo zotola ali ndi zaka 14, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi.

Chenjezo langa ndi limodzi ndipo nlolimba: ana asayandikire magetsi a pakhoma. Amenewo amapha. Pakadafunda padajiwitsa galu, choncho wamkulu asachoke pamalopo ngakhale kwa kamphindi, ndipo mwana asatsegule wailesi yakanema yakale, poti imasunga moto ngakhale itazimitsidwa.

Atsikana asatsalire kumtondo. Ndaona amayi akuitana mwana wamkazi kuti akatunge madzi pamene mlongo wake akupitiriza kusewera ndi waya, ndipo zimandiwawa. Makina sadziwa kuti dzanja ili ndi la mwamuna kapena la mkazi. Migodi ya pulatinamu ya Unki ku Shurugwi ndi Mimosa ku Zvishavane, ndiponso fakitale yatsopano ya zitsulo ku Manhize kufupi ndi Mvuma, zimafuna anthu odziwa magetsi, ndipo njira yake imadzera m'masamu ndi sayansi pa mayeso a Fomu 4, kenaka ku Kwekwe Polytechnic, ku Gweru Polytechnic kapena ku Midlands State University. Mwana amene adayatsapo babu ndi manja ake samva chizungulire mphunzitsi akajambula mizere ya magetsi pabolodi.

Nkhanga zidapangana kusanache. Musadikire sabata yotsekera sukulu. Pamsonkhano wotsatira wa bungwe lanu la maliro kapena wa mpingo, lembani maina a amisiri opuma amene muli nawo, musankhe mayi kapena bambo mmodzi wosunga katoni ya zipangizo, ndipo banja lililonse libweretse mabatire awiri ndi chinthu chimodzi chakufa chimene chili ndi mota m'kati.