Nyau za Kambalu zafika ku Oxford, koma ku Chamama sanazionebe

Munthu wa ku Chamama akamva mawu oti Nyau, maganizo ake amathamangira kudambwe, kumaliro ndi kubwalo la mfumu. Koma ku London, Venice ndi Oxford mawu omwewa tsopano ndi dzina la mtundu wa makanema, chifukwa cha Samson Kambalu, mmisiri wa zaluso yemwe anaphunzira pa Kamuzu Academy ku Mtunthama, m'boma lomweli la Kasungu.

Kambalu, wobadwa mu 1975, anachoka kusukulu ya Chilatini ndi Chigiriki ija n'kupita ku Chancellor College, ndipo lero ndi pulofesa pa Ruskin School of Art ku Oxford. Ambiri anamudziwa mu 2022 ndi chiboliboli cha John Chilembwe atavala chipewa pa Trafalgar Square. Komabe ntchito yake yozama ili pa mawu. Anamata masamba a Baibulo pa mpira wamiyendo n'kuuza anthu kuti aumenye. Makanema ake a Nyau Cinema ali ndi lamulo loti asapitirire mphindi imodzi, ndipo iye mwini amaonekamo akudumpha kapena kuzimirira ngati chilombo cha gule.

Nkhani yaikulu inabuka atapatsidwa mpata wochita kafukufuku pa yunivesite ya Yale. Kumeneko anajambula makalata a Gianfranco Sanguinetti, Mtaliyana wa gulu lomwe linkatsutsa zoti mawu akhale katundu wa munthu mmodzi, koma yemwe anadzagulitsa zolemba zake ku laibulale ya Beinecke. Kambalu anapachika zithunzizo pa chionetsero cha Venice mu 2015. Sanguinetti anamusumira, khoti linagamula mokomera Kambalu. Mfundo yake inali ya kumudzi kwenikweni: mphatso imayenera kuyenda, siitsekeredwa m'nkhokwe.

Apa ndi pomwe mfundoyo ikutembenukira mwini wake, ndiponso dziko lathu. Ngati mawu ayenera kuyenda, bwanji a Nyau akungoyenda ulendo wopita? Zolembedwa zofotokoza ntchito za Kambalu zili m'Chingerezi, pomwe mlimi wa fodya amene amaimba ng'oma pamaliro ku Chamama ndiye akanazimvetsa msanga kuposa mlendo wa ku Venice. Vuto si luso la makono ayi. Kanema wa mphindi imodzi amakwana pa foni iliyonse ya WhatsApp. Chosowa ndi sukulu yaukachenjede ya kuno yomwe ingaitane mmisiri kuti akhale miyezi ingapo, ndalama zilipo, akugwira ntchito m'Chichewa pamodzi ndi eni gule.

Eni akewo akhoza kukana zina, ndipo ali ndi ufulu wotero. Gule Wamkulu, yemwe UNESCO inamuzindikira mu 2005, ali ndi chinenero chake chomwe wosameta saloledwa kumva. Khoti la ku Venice linaweruza za makalata a Mtaliyana. Za mawu a kudambwe, oweruza ake ndi mafumu ndi akuluakulu a mzinda.