Kodi Galimoto ndi Nkhokwe ya Ndalama?

Pali mawu amene afala masiku ano pakati pa okonda galimoto, mawu amene ndawamva pamalo otsukira galimoto kwathu kuno ku Chilobwe, m'minibasi yopita ku Limbe, ngakhalenso pakamwa pa akuluakulu amene anyamata amawatchera khutu. Akuti popeza kwacha ikugwa chaka ndi chaka, munthu wanzeru asasunge ndalama koma agule galimoto, pakuti galimoto, ati, sitsika mtengo m'Malawi muno, ndipo woigula lero adzaigulitsa mawa ndi phindu. Mawu amenewa ine ndikuwakana, ndipo ndikuwakana ndi mtima wowawa, chifukwa ndaona mabanja amene anawakhulupirira.

Sindibisa kuti m'mawuwa muli kachoonadi, pakuti bodza lopanda kachoonadi silipita patali. Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, kotero kuti dola imodzi, imene kubanki inali pafupifupi K1,180, inafika pa K1,700. Ndipo galimoto iliyonse, popeza inagulidwa ndi madola kutsidya la nyanja, inakwera mtengo usiku umodzi ili chiimire pabwalo. Koma tiyeni tiwerengere pamodzi modekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tiyerekeze kuti bambo wina anagula galimoto pa K5 miliyoni kwacha isanagwe ulendo wachiwiriwu, naigulitsa pa K6.5 miliyoni itagwa, napita kwawo akusekerera kuti wapindula miliyoni ndi theka. Pogula paja anapereka ndalama yolingana ndi madola oposa 4,200, pamene pogulitsa walandira yosafika ngakhale madola 3,900. Ndipo akafuna kuitanitsa inzake yofanana nayo, adzapeza kuti ndalama ili m'manjayo siikwana. Chimene iye akuchitcha phindu ndi chithunzithunzi cha kugwa kwa kwacha basi.

Komatu apa sitinawerengere zimene galimotoyo inadya pamene inali m'manja mwake. Walira mvula walira matope. Mwezi womwewo wa November 2023, bungwe la MERA linakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo nonse mukukumbukira mizere ya pamalo omwetsera mafuta, momwe abambo ankagona m'galimoto usiku wonse, ena nagula mafuta a m'zigubu pamtengo wolilitsa. Matayala, batire, oyilo, mabuleki, zonsezi zimachokera kunja, ndipo dzanja limene linakweza mtengo wa galimoto ndi lomwelo limene limakweza mitengo ya izi. Onjezanipo inshuwalansi, COF ya ku Ginnery Corner, ndi ndalama ya pa zipata za Chingeni ndi Kalinyeke kwa iye wopita ku Lilongwe. Nkhokwe ya makolo athu inkasunga chimanga osapempha chakudya. Nanga iyi ndi nkhokwe yotani, imene ifuna kudyetsedwa m'mawa uliwonse, ndi kudwala mwini wake akalephera?

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi chakuti chiphunzitso chimenechi chimakankhira munthu ku galimoto yolakwika. Wogula amene akufuna kusungamo chuma amasankha ndi maso, nafuna yaikulu, yonyezimira, ya dzina lomveka la ku Ulaya, poganiza kuti imeneyo ndiyo idzagulitsike bwino. Amaona mtengo wochepa pa foni, osadziwa kuti umenewo ndi mtengo wa ku Japan, pamene sitima isanalipidwe, doko la Dar es Salaam lisanalipidwe, woiyendetsa mpaka pa chipata cha Songwe asanalipidwe, ndiponso a MRA asanawerengere msonkho wawo, umene umakula monga mwa kukula kwa injini ndi ukalamba wa galimoto; motero yakale ya injini yaikulu, imene imaoneka yotchipa koposa pa chithunzi, imadzalemera pa chipata. Ndipo tisaiwale chifukwa chake a ku Japan amazitaya: kumeneko galimoto imayesedwa mokhwima ikatha zaka 3, kenaka zaka 2 zilizonse, ndipo eni ake ambiri amaona kuti kuigulitsa n'kwapafupi kusiyana ndi kuisamala. Ife timalandira galimoto pamsinkhu umene eni ake anayamba kuiopa.

Ikafika kuno imakumana ndi misewu yathu. Inu a ku Chilobwe, a ku Chimwankhunda ndi Zingwangwa mukudziwa chimene madzi ochokera m'phiri la Soche anachita mu March 2023, pamene namondwe wa Freddy anatilanda abale athu ambiri, nasiya makwalala ali zigwembe zokhazokha. Galimoto yofupika mimba, imene inapangidwira phula losalala, imakhula pansi pa mwala uliwonse, ndipo zitsulo za kumiyendo zimatha msanga. Ndinali ndi mnansi, dzina ndilisunga, amene anaika ndalama zake zonse za penshoni m'galimoto yotere, yokongola ndithu, imene ana ankaithamangira kuti aikhudze. Patangotha miyezi yowerengeka giyabokosi inafa. Amakaniko atatu anaiyang'ana napukusa mitu, chitsulo chake chinasowa ku Ndirande ndi ku Limbe komwe, ndipo choitanitsa ku Johannesburg chinafuna ndalama imene mkuluyo analibenso. Lero yakhala pa miyala kuseri kwa nyumba, dzimbiri likuidya, ndipo aliyense wobwera kudzaiona amatchula mtengo wa zitsulo zakutha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sindinena izi momuseka, pakuti ndinamuona akulira.

Anyamata okonda galimoto akakhala pansi amatsutsana kuti mtundu uwu ngwokhumudwitsa, uwo ngwokhulupirika, ndipo ndimakonda kuwamvera, chifukwa ambiri a iwo amadziwa injini koposa ine. Koma ndapenya kuti zimene amaziyamikira pamapeto pake ndi zija zosaoneka bwino pamaso: Probox yonyamula matumba a ufa, Sienta yonyamula anthu, Vitz ya mphunzitsi imene imamwa mafuta pang'ono, ndipo sipeya yake imapezeka pa benchi iliyonse mumsika wa Ndirande. Zimenezi zili ngati khasu, limene limadyetsa mwini wake pamene likugwira ntchito, ngakhale nalonso limatha ndi kulima. Amene akufuna galimoto kuti imutumikire pa ntchito yake, kapena kuti afikitse mayi wodwala ku chipatala cha Queen Elizabeth usiku, ndilibe naye mlandu, malinga ayambe wakhala pansi ndi kuwerengera mtengo wake wonse, monga achitira womanga nyumba asanakumbe maziko.

Tsono kwa mnyamata amene wasunga kandalama kake, ndipo anzake akumufulumiza kuti agule kwacha isanagwenso, pempho langa ndi ili: Loweruka likudzali atenge makaniko amene amamukhulupirira, apite naye ku Ndirande, akafunse mtengo wa giyabokosi, wa matayala anayi ndi wa zitsulo za kumiyendo za galimoto imene waikhumbayo. Akapeza kuti ogulitsa atatu motsatizana akuti chitsulocho mpaka aitanitse kunja, abwerere ndi ndalama yake ku Chilobwe, akafunse za ina.