CHILIZA CHA M'CHIPULULU: BWANJI SITICHIDZIWA?

Abale ndi alongo a m'nthambi yathu,

Tonse tidziwa kuti manda osalambulidwa asanduka tchire, ndipo mwana wobadwa mawa sadziwa pamene agona agogo ake. Zipilala zimene anthu amanga pokumbukira abale awo ophedwa ndi zigawenga zili chimodzimodzi. Zina zamveka dziko lonse lapansi, zina zangoti zii. Ife tikuti chipilala chimveka ngati alipo anthu osunga tsiku lake chaka ndi chaka, ngakhale mwala wake ukhale waung'ono. Tiyeni tione nkhani ya ndege ziwiri.

Pa 21 December 1988 bomba linaphulitsa ndege ya Pan Am pamwamba pa mudzi wa Lockerbie ku Scotland. Anafa anthu 270, ndipo 11 mwa iwo anali eni mudziwo amene zidutswa za ndege zinawagwera. Isanathe miyezi 9, pa 19 September 1989, bomba lina lobisidwa m'sutikesi linaphulitsa ndege ya kampani ya ku France yotchedwa UTA. Ndegeyo inachokera ku Brazzaville, inaima ku N'Djamena, ndipo inali kupita ku Paris. Inagwera m'chipululu cha Ténéré m'dziko la Niger, ndipo anthu onse 170 anathera pomwepo. Milandu yonse iwiri inaloza ku Libya. Mu 1999 bwalo la ku Paris linapeza anthu 6 a ku Libya olakwa pa za UTA, eni akewo palibe. Mu 2001 oweruza a ku Scotland anapeza Abdelbaset al-Megrahi wolakwa pa za Lockerbie.

Dzina la Lockerbie ambiri analimva pa wailesi. Nanga ndani mwa ife anamvapo za Ténéré? Komatu chipilala chilipo, chachikulu ndithu. Mu 2007 bungwe la mabanja ofedwa, lotsogozedwa ndi Guillaume Denoix de Saint Marc amene bambo ake anafera m'ndegemo, linapita kuchipululuko. Mothandizana ndi eni dera, anayala miyala yakuda mozungulira pamchenga, nasiya pakati chithunzi cha ndege. M'mphepete anaikamo magalasi oonerapo nkhope 170 osweka, limodzi la munthu aliyense, ndipo anaimika phiko la ndege yomweyo, nakhomapo maina a akufa. Ntchito yotere bwanji yakhala yobisika?

Chifukwa choyamba ndi malo. Chipilalacho chili kutali ndi msewu ndi midzi, kotero kuti ambiri amene anachiona anachionera pa zithunzi zojambulidwa kumwamba za pa intaneti. Zikumbutso za Lockerbie zili pamene anthu apita: munda wachikumbutso kumanda a m'mudziwo, ndiponso mulu wa miyala 270 kumanda a Arlington pafupi ndi Washington.

Chachiwiri ndi eni maliro. Mwa akufa a Lockerbie, ochuluka anali a ku America ndi Britain, maiko amene nyuzipepala ndi wailesi zawo zimveka kulikonse. M'ndege ya UTA munali Afalansa 54, koma munalinso anthu 48 a ku Congo ndi 25 a ku Chad, ndipo mabanja awo anamwazikana m'maiko ambiri. Taonani ngakhale chipepeso: mu 2003 Libya inavomera kupereka madola 10 miliyoni pa munthu aliyense wa Lockerbie, koma mu 2004 mabanja a UTA analonjezedwa madola 1 miliyoni pa munthu. Kodi misozi ya mayi wa ku Brazzaville ndi yopepuka kakhumi?

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, ndi msungi. Yunivesite ya Syracuse ku America inataya ophunzira ake 35 ku Lockerbie. Sukuluyo inaika mwambo wakuti chaka chilichonse pakhale sabata yachikumbutso, ndi kuti ophunzira 35 asankhidwe kuimira anzawo aja. Motero ana amene anabadwa pambuyo pa ngoziyo aphunzira mainawo. M'chipululu mulibe sukulu, mulibe belu, muli mphepo ndi mchenga basi.

Chachinayi ndi maboma. Akafuna kuyanjana ndi mdani wakale, sakonda wowakumbutsa za mwazi. Chaka chomwecho cha 2007, mu December, Muammar Gaddafi analandiridwa ku Paris monga mlendo wa Boma la France.

Ena adzati, "Ofedwa sanamange chipilala kuti atchuke, anafuna kuika chizindikiro pamene abale awo anagwera." Izi ndi zoona, ndipo tiwalemekeza pa kusankha kwawo. Koma chiliza amanga ndi eni maliro, pamene kukumbukira ndi ntchito ya mudzi wonse. Makolo athu anati maliro n'kulirana. Chigawenga chiponya bomba osafunsa dzina la munthu, pakuti kwa icho anthu ndi nambala chabe. Ifenso tikaiwala maina, tagwirizana nacho pa mfundo imeneyo.

Chifukwa chake tipempha aziphunzitsi anzathu kuti poonetsa ana mapu a Africa, aloze Niger ndi kuwauza za anthu 170 aja, makamaka pa 19 September. Tipemphanso mafumu ndi akuluakulu a mipingo kuti paliponse pamene m'dera lathu pali mwala wachikumbutso, pakhale munthu wodziwika woulambulira, tsiku losonkhanirapo, ndi buku lolembamo maina. Zimenezi sizifuna ndalama za Boma. Zifuna khasu, tsache ndi pakamwa pathu.

Ife anu m'ntchito,
Mlembi wa Nthambi