Mpeni wa kuchipala si tomato woti tizinenerera



Pa Idi ya kuzinga yapitayi mnyamata wina anabwera ndi mbuzi kuti ndimuzingire. Anatenganso mpeni wake wa m'sitolo, wonyezimira ngati galasi. Nditauyesa pa ubweya wa pamkono panga, sunamete n'kamodzi komwe. Ndinakana kuugwiritsa ntchito, chifukwa tonse tinaphunzira ku madrasa kuti mpeni wozingira uyenera kukhala wakuthwa kuti chiweto chisazunzike, ndiponso kuti sitinola chiweto chikuona. Ndinatuma mdzukulu kukatenga mpeni umene malemu bambo anga ankapita nawo ku uzimba. Wadyeka ndi kunola mpaka watsala ngati tsamba la bango, koma ntchito inatha kamodzi.

Amene anasula mpeni umenewo anamwalira kalekale. M'dera lathu lino watsala wosula mmodzi, nkhalamba inzanga, ndipo palibe mwana amene akumupopera mvukuto. Ndikunena mosabisa kuti olakwa ndi ife ogula. Ine ndemwe ndinanenererapo mpeni wake mpaka anandipatsa pa mtengo wosakwana ndi wa nkhuku, ine n'kumapita kunyumba ndikuti ndachenjera. Mwana amene anaona zimenezo angafunenso ntchito ya bambo ake?

Taganizani zimene munthuyu amachita. Amayamba wasaka chitsulo, makamaka sipuling'i yakale ya galimoto, chifukwa imeneyo ndiyo imasunga kuthwa. Chitsulo cha mgolo kapena cha zitseko n'chofewa, chimabuntha msanga. Amachiika pamakala mpaka chifiire psuu, n'kumachimenya ndi nyundo, kubwezera pamoto, kumenyanso, kumsana kukhale kochindikala, kukamwa kopyapyala. Luso lenileni lili pa kuumitsa. Mpeni uli wofiira amauviika m'mafuta. Akauviika m'madzi ozizira nthawi zambiri umang'aluka. Ukatuluka m'mafutamo umakhala wouma moti tupa imangoterereka, koma ukagwa pamwala ungathe kuthyoka. Ndiye amautenthetsanso pang'onopang'ono, maso ali pachitsulo, mpaka chioneke ngati phesi louma la chimanga. Akachedwa pang'ono chabe chimasanduka chobiriwira, kuthwa kwapita, ayambirenso. Alibe wotchi, alibe makina, ndi diso basi. Kenako chogwirira cha muwanga kapena mlombwa, chitsulo chilowe mpaka kumapeto, akhome ndi misomali iwiri kapena itatu, asokenso chimake cha chikopa.

Chimene sitolo singakuchitireni n'chakuti wosula amayamba wafunsa ntchito. Wosendera mbuzi amaupinda kunsonga kuti usaboole chikopa. Inu a ku Nkhotakota ndi Salima, wotumbulira kampango ndi mlamba ufunika msana wolimba wodula mutu, pamene wong'ambira chambo choti muwambe ufunika wopyapyala. Amayesanso dzanja lanu. Wamanzere amamusulira wake.

Ena amati mpeni wa kuchipala umachita dzimbiri. N'zoona, makamaka kunyanjako. Koma mankhwala ake n'kuupukuta ukatha ntchito ndi kuupaka dontho la mafuta ophikira. Amene sangathe zimenezo asadandaule za mpeni.

Luso limeneli si lachilendo kuno. M'nkhalango ya Kasungu National Park mudakali ng'anjo yakale imene makolo ankasungunuliramo miyala n'kutulutsa chitsulo cha makasu, nkhwangwa ndi mikondo, galimoto isanafike m'dziko muno. Ife chitsulo timachitola chopangidwa kale, koma tikulephera kusunga ngakhale chipala.

Musandimve molakwa. Sindikutuma munthu kukasaka. Za uzimba zinatha. Nkhalango ija ndi yotetezedwa, mu 2022 anabweretsamo njovu 263 kuchokera ku Liwonde, ndipo lamulo la nyama zakuthengo limene linakhwimitsidwa mu 2017 limafika mpaka zaka 30 za ukaidi pa milandu ikuluikulu. Mpeni umene unkasenda gwape ndi insa lero usende mbuzi, udule luzi lomangira chigafa, ukonze ukonde.

Pempho langa ndi ili. Fodya akagulidwa, kapena usodzi ukayenda bwino, pitani kwa wosula wa kwanu, mumuuze ntchito, atchule mtengo, mulipire osanenerera. Mzikiti uliwonse ukhale ndi mpeni wake wozingira wosulitsa, wosungidwa m'chimake, osati wobwereka kukhitchini tsiku la Idi. Ndipo amene muli ndi mnyamata wongokhala pa bawo pakati pa nyengo ya fodya, kamusiyeni kuchipala.

Ine ndinabwerera kwa mnzanga uja ndi ndalama imene ndinamudula, anaseka mpaka kutsokomola. Mdzukulu wanga tsopano amakapopa mvukuto Loweruka lililonse. Mpeni wake woyamba unatuluka wokhota ngati chikwakwa, agogo ake aakazi akudulira nkhwani.