Kaloko ka pa batire si mlonda, tisiye kunamizana

Abale athu a geni ndi inu madalaivala, lero tabwera ndi dandaulo, ndipo ena mukhumudwa nalo. Nkhani yake ndi ya njinga zamagetsi za mountain bike zimene makasitomala ayamba kutituma ku Joni masiku ano, makamaka batire lake lochotseka lija. Pali mawu amene tatopa kuwamva pamalo opakirira katundu: "Musadandaule bwana, batire lili ndi loko." Mawu amenewa ndi bodza, ndipo amene amawanena si amene amabweza ndalama ya kasitomala batire likasowa.

Ife zinatigwera. Tinaoda njinga ziwiri zogwiritsidwapo kale ntchito koma zili bwino, zonse za kasitomala wa ku Zomba. Tinazipereka kwa transipota wina, dzina sitimutchula. Titafuna kuchotsa mabatire iye anati tikumuchedwetsa, zikhale momwemo, atiphimbira bwino ndi tenti. Tinamvera. Katundu atafika ku Blantyre, njinga imodzi inali yathunthu, inayo felemu ili pululu, kaloko kopindika, batire kulibe. Makiyi onse anali m'chikwama mwathu kuchokera ku Johannesburg. Titafunsa, yankho linali lakuti, "Ndinalandira njinga ziwiri, ndapereka njinga ziwiri." Tinayang'ana pa pepala lake, panalembedwadi njinga ziwiri, za batire palibe. Tinangoti kukamwa yasa. Pamenepo wolakwa sanali iye yekha, ifenso tinali ndi gawo lathu, ndipo ndalama ya batire tinabweza ndife.

Amene sanagulitsepo njinga zimenezi akhoza kumaganiza kuti batire ndi kachinthu kongowonjezera ngati belu kapena pampu. Ayi ndithu. Batire latsopano la Bosch ku South Africa limadutsa R10,000, ndipo pa njinga yakale mtengo wa batire ukhoza kuyandikira mtengo wa njinga yonse. Komanso silili ngati batire la galimoto loti ukalowa m'shopu ku Limbe upeza lina lofanana mphamvu n'kuikapo. Batire la Bosch limalankhulana ndi injini ya Bosch yokha, la Shimano ndi ya Shimano. Ngakhale mwa a Bosch momwemo, mabatire a mtundu watsopano umene amautcha Smart System, womwe unatuluka mu 2021, sagwira pa njinga za mtundu wakale. Ndiye batire likasowa, kasitomala watsala ndi njinga yolemera makilogalamu oposa 20 yoti azipalasa ndi miyendo yokha pa chitunda cha Zomba. Muganiza kuti mungomutumizira lina pa ndege kuchokera ku OR Tambo? Sizitheka. Ndege za anthu zimalola batire la mtunduwu losapitirira 100 Wh, kapena 160 Wh ngati a ndege avomereza, pamene mabatire a njingazi ambiri ndi a 500 Wh kapena 625 Wh. Batire lina lidzayenera kubwera pa msewu womwewo, patatha milungu, kasitomala akukuimbirani m'mawa ndi madzulo.

Tsono tiyeni tikaone kaloko kamene tikukadalirako. Ntchito yake ndi yogwira batire kuti lisagwe munthu akamatsetsereka m'miyala. Ndi kachitsulo kakang'ono kolowa m'kabowo, basi. Sikanapangidwe kuti kalimbane ndi munthu amene ali ndi chitsulo m'manja komanso usiku wonse wa pa Beitbridge. Pa njinga zotchipa zija zimene batire limakhala pamwamba pa felemu, njanji yomwe batire limalowamo imagwidwa ndi timabawuti tiwiri ta 5 mm, tomwe tija timagwira botolo la madzi. Ndipo ife taonapo ndi maso kiyi wa batire lina lotchipa akutsegula la njinga ina. Njinga zina zodula, ngati Specialized Turbo Levo, zilibe n'komwe kiyi, batire limagwidwa ndi bawuti yomasula ndi sipanala ya Allen yomwe makaniko aliyense ali nayo m'thumba. Ndiye munthu akamati "lili ndi loko", mumufunse kuti loko yake iti.

Wakuba si mdani yekhayo. Kuchokera ku Johannesburg kudzera Musina, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza ndi Blantyre ndi ulendo woposa makilomita 1,600. Batire la 625 Wh limalemera pafupifupi makilogalamu atatu ndi theka. Kulemera kumeneku kukamagwedezeka pa kachitsulo kamodzi m'maenje a msewu wa Tete, njinga itagonekedwa chammbali, mafiriji ndi matumba akuikankha, china chake chimagonja. Mwina kaloko kamamasuka, mwina tizitsulo tolumikiza magetsi timapindika, mwina batire limang'aluka chikhokho. Opanga njingazi amalangiza okha kuti batire lichotsedwe njinga ikamanyamulidwa kunja kwa galimoto. Iwo akunena za galimoto yaing'ono pa phula losalala. Ife tikunena za thiraki yodzaza mpaka pamwamba, ndiye tikuti likhale pomwepo?

Tikudziwa zimene madalaivala muyankhe, ndipo pano tikumverani. Mukuti simukufuna batire pafupi ndi pogona panu chifukwa limayaka moto. N'zoona, limayaka, ndipo moto wake ndi woipa. Umatulutsa utsi wapoizoni, umazima n'kuyakanso, ndipo kachozimitsira moto ka m'thiraki sikauthetsa. N'chifukwa chake pa malamulo a kanyamulidwe ka katundu, mabatire a lithium ali m'gulu la katundu woopsa, Class 9, nambala yake UN 3480 likakhala palokha. Dalaivala ali ndi ufulu wonse wokana, ndipo ngati kampani yanu imaletsa, kanani, ife tikafuna njira ina. Koma chimene sitingavomereze ndi maganizo oti batire likakhala kumbuyo pansi pa tenti ndiye kuti ngozi yachoka. Ngozi siinachoke, mwangoibisa pamene simungaione. Batire limayaka likaphwanyika, likabooledwa, likatenthedwa kwambiri, kapena chitsulo chikagunda tizitsulo take n'kuchita shoti. Zonsezi zimachitikira kumbuyo komweko. Inu nomwe mukudziwa mmene Tete amatenthera mu Okutobala ndi Novembala, kupitirira madigiri 40 pamthunzi. Nanga pansi pa tenti yakuda, thiraki itaima pa mzere tsiku lonse? Ndipo pa mzere wa pa Zobue amene waima pambali panu nthawi zambiri ndi thanki ya mafuta yochokera ku Beira.

Ndiye batire lichoke pa njinga, liyende palokha, ndipo wina alisainire. Musalitchaje kudzaza musananyamuke. A Bosch amalangiza kuti batire losungidwa likhale pakati pa 30 ndi 60 peresenti, ndipo batire losadzaza silikhala laukali ngati lodzaza zinthu zikalakwika. Matani tizitsulo take ndi tepi yamagetsi, likulungeni ndi siponji kapena makatoni, liikeni m'katoni yolimba yoti silikugwedezekamo, yopanda makiyi, masipanala kapena misomali mkati. Katoniyo ikhale pamthunzi, posapanikizika, pamene munthu angaione ndi kuitulutsa msanga, osati pa dashibodi padzuwa, osatinso m'galimoto yotsekedwa magalasi masana onse. Pa felemu pamene batire lachoka, phimbani ndi pulasitiki kuti mvula ndi fumbi zisalowe polumikizira. Batire lotupa, long'aluka kapena lonunkha zachilendo musalinyamule n'komwe, ngakhale wogulitsa atakupatsani ulere.

Pa pepala la transipota palembedwe njinga payokha, batire palokha, tchaja payokha, ndi nambala ya batire yomwe ili pa sitika yake. Jambulani sitikayo ndi foni, jambulaninso transipota akulandira katoni. Wina akati ndinu ovuta, muuzeni kuti ovuta ndi amene safuna kusainira katundu amene akumulipiritsa. Makiyi asayende limodzi ndi batire. Njinga zambiri za injini ya Bosch zimagwiritsa maloko a Abus kapena AXA, ndipo kiyi amakhala ndi nambala yake, nthawi zina pa kakhadi. Nambala imeneyo ilembeni, chifukwa ndi imene munthu amaitanitsira kiyi wina woyamba akatayika.

Tsopano kwa anzathu a geni amene muli ndi nzeru zina zija. Tikudziwa kuti alipo amene amachotsadi batire, koma osati kuti aliteteze. Amalilowetsa pakati pa belo la mabulangete kapena m'chikwama cha zovala kuti pa boda njinga ioneke ngati yakapalasa wamba, msonkho utsike. Abale, kumeneko ndi kuika moyo wa anthu pa chiswe chifukwa cha ndalama yosakwana kugulira bokosi la maliro. Mwatenga chinthu choti chikatentha chimayaka, mwachikulunga m'mabulangete, mwachiika pansi pa bus yodzaza amayi ndi ana, kondakitala osadziwa, dalaivala osadziwa. Anyamata opakira amaponya zikwama, amaziponda, amazikanikiza ndi bondo kuti chitseko chitsekeke, chifukwa inu mwawauza kuti muli zovala. Likaphwanyikira m'menemo, adzaona utsi ndani usiku pakati pa Masvingo ndi Harare? Ndipo likapezeka ndi a MRA pa Mwanza, mudzalira kuti akuzunzani, pamene mwadzipachika nokha. Lembetsani chimene mwanyamula. Ngati phindu lanu likudalira kubisa batire, ndiye kuti mtengo umene munauza kasitomala unali wolakwika kuyambira pachiyambi.

Chotiwawa kwambiri tachisiyira pano. Batire lathu lija silinabedwe kuti wakubayo akaliike pa shelefu. Anali ndi pokaligulitsa, ndipo ogula ake ndife tomwe. Tonse timawadziwa anyamata amene amakutsata m'misewu ya Joni kapena kukutumizira zithunzi pa WhatsApp: batire la Bosch, theka la mtengo, tchaja palibe, risiti palibe, sitika ya nambala yapalidwa. Kapena njinga yonse yokongola, koma kiyi "anataya bwana wake". Munthu wogula njinga ya ndalama zambiri chotere sataya makiyi onse awiri, tchaja ndi risiti tsiku limodzi. Timadziwa bwino kumene zachokera, koma timatseka maso chifukwa phindu lake n'lonona. Ndiye mawa batire lathu likasowa pa Musina timalemba zodandaula kuti akuba achuluka. Achuluka chifukwa msika ulipo, ndipo msikawo ndi ife. Wamalonda aliyense amene wagula batire lopalidwa nambala walipiriratu munthu amene adzathyole kaloko pa njinga ya mnzake ulendo wotsatira.

Ndipo batire lotero limapwetekanso wogula. Lochotsedwa mokakamiza ndi chitsulo nthawi zambiri lavulala mkati ngakhale kunja likuoneka bwino. Lopanda tchaja yake limakathera pa tchaja iliyonse imene yalowa pabowo. Batire la 36 V limadzaza pa 42 V, la 48 V pa 54.6 V. Mukapatsa kasitomala tchaja ya la 48 kuti azitchajira la 36, mwamupatsa moto woti akauike m'nyumba mwake, ndipo ndi kuzimazima kwa magetsi kwathuku ambiri amatchaja usiku, ana ali mtulo. Ena amati si nkhani yathu, ife tinagulitsa basi. Nyumba ya munthu ikapsa, dzina limene lidzatchulidwe m'mudzi ndi la amene anabweretsa njingayo.

Njinga ikafika, musangolandira ndalama n'kutembenuka. Muonetseni kasitomala kaikidwe ka batire mpaka limveke kuti "kha", kenako alikoke ndi dzanja kuona ngati lagwiradi, chifukwa mabatire ambiri amene amagwa m'njira ndi amene kiyi anazunguliridwa batire lisanakhale bwino. Achotse kiyi asanakwere. Ngati batire ndi lija lokhala pamwamba pa felemu, alimange ndi lamba kapena legeni kuti lisamagogode m'misewu ya fumbi, ndipo aziyang'ana timabawuti ta njanji ngati tamasuka. Akaimika njinga pa msika, ku tchalitchi kapena ku ofesi, njinga aimange ndi tcheni koma batire alowe nalo m'chikwama. Asamaitsukenso ndi paipi yamphamvu ya kotsukira magalimoto.

Ife kuyambira ulendo uja tili ndi lamulo lathu, ndipo matransipota amene timagwira nawo ntchito analizolowera. Batire timachotsa tokha tisanafike popakira, timalionetsa kwa dalaivala, timamuuza chimene chili m'katoni, iye amasankha kulandira kapena kukana. Awiri anakana, tinawathokoza n'kupita kwa wina. Mmodzi anatiwonjezera mtengo chifukwa cha katoni ya batire, tinalipira ndipo tinaika pa mtengo wa kasitomala, yemwe titamufotokozera chifukwa chake sanatsutse. Njinga yopanda makiyi, tchaja ndi risiti ya mwini wake sitiigulanso, ngakhale mnyamata atatsitsa mtengo katatu tili chiimire pamsewu.