KALATA YOPEMPHA NCHITO IONETSE LUSO LA MWINI WACE

M'midzi ya ku Petauke, Katete, Chadiza ndi Lundazi muli anthu ambiri amene manja ao anazolowera sipanala asanabwerere ku khasu. Ena anacoka ku migodi pamene kampani ya ZCCM inagulitsidwa m'caka ca 2000, ena anabwerera pamene fakitale ya nsalu ya Mulungushi ku Kabwe inaima m'caka ca 2007, ndipo enanso pangano lao la nchito latha posacedwapa. Malo ena a nchito anatseguka pambuyo pace, monga mgodi wa Kansanshi ku Solwezi mu 2005, wa Lumwana mu 2008, ndi fakitale ya simenti ya Dangote ku Masaiti mu 2015. Amisiri a kumudzi amalemba makalata ku makampani otere, koma ambiri samva yankho. Kawiri-kawiri cimene ciwagwetsa ndi kalata yeniyeniyo.

Kalata yozolowereka iyamba ndi malonje atali-atali. Kenaka mwini wace anena kuti njala yalowa m'nyumba, ana asowa zobvala, ndipo iye ali wokonzeka kugwira nchito iriyonse. Zonsezi zingakhale zoona, koma mkulu wolemba anthu nchito ali ndi mulu wa makalata patebulo, ndipo afuna munthu mmodzi wodziwa kukonza pampu imene yafa. Mau akuti "nchito iriyonse" amuuza kuti wolembayo alibe nchito imene aidziwa. Motero mmisiri wa zaka 15 aponyedwa pamodzi ndi mnyamata amene sanaonepo mkati mwa fakitale.

Mwambo uphunzitsa kuti kudzitama nkoipa, ndipo nzoona. Koma kunena cimene munthu anacita ndi manja ace si kudzitama, ndi umboni. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Kalata yabwino ikwana pa tsamba limodzi. Mau oyamba achule dzina la nchito monga momwe kampani yalilembera, ndi kumene wopemphayo anaona cilengezo. Pambuyo pace pabwere mtima wa kalata: zaka zingati anagwira, pa kampani iti, ndi pa makina otani. Woocerera zitsulo anene ngati anali kugwiritsa nchito magetsi kapena gasi, ndiponso ngati anali kuocerera mapaipi kapena matanki. Woyendetsa makina achule mtundu ndi kukula kwace. Amene anali kapitao anene ciwerengero ca anthu amene anawatsogolera, ndi kuti anagwirapo usiku. Ngati gulu lace linatha zaka popanda ngozi, alembe zimenezo, pakuti ku migodi ndi ku mafakitale citetezo ca anthu ndi nkhani yaikuru. Wa zaka zambiri asafotokoze moyo wace wonse. Asankhe zinthu zitatu kapena zinai zogwirizana ndi nchito imene yalengezedwa.

Zaka zimene munthu wakhala kumudzi asazibise. Ngati wakhala akukonza zigayo, mijigo, ngolo kapena mathirakitala, alembe poyera, cifukwa zionetsa kuti manja sanaiwale.

Kenaka achule mapepala amene waphatikiza: setifiketi ya umisiri, monga ija ya mayeso a TEVETA, citupa ca citaganya ca mainjiniya ca EIZ ngati nchitoyo icifuna, ndi cikalata ca mapapo cocokera ku Kitwe kwa iye wofuna za m'migodi. Lamulo la nchito la 2019 liuza wolemba anthu nchito kupereka cikalata cosonyeza nthawi imene munthu anatumikira, ndipo cimeneco cisasowe. Atumize makope okha. Mapepala eni-eni akhale m'sutukesi kufikira tsiku lokaonana ndi mabwana. Maina a akapitao awiri amene angamcitire umboni alembedwe atayamba wawapempha. Apa ndi pamene mwambi uja upherezera, wakuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Makalata awa alembedwa m'Cingerezi, ndipo palibe manyazi kupempha mphunzitsi kapena mwana wa sukulu kuti athandize. Koma kandimverere anakanena za m'maluwa. Mwini kalata akhale pomwepo, anene yekha mau ace, ndipo amuwerengere zonse asanasaine. Wothandizayo akaonjezera luso limene kulibe, bodzalo lidzaululika tsiku limene adzampatsa zipangizo kuti aonetse. Kalata imodzi yokoperedwa ndi kutumizidwa ku makampani khumi iribenso mphamvu. Kampani iriyonse ilandire yace. Pomariza paikidwe nambala ya lamya imene imayankhidwa, popeza ena ataya nchito cifukwa foni inali yozima kapena inali ya mbale wokhala kutali.

Alipo amene anena kuti zonsezi nkutaya nthawi, pakuti nchito ipita kwa wacibale kapena kwa wopereka ciphuphu. Kukondera kulipo ndithu, ndipo kuyenera kudzudzulidwa. Komabe kampani imene makina ace aima itaya ndalama ora liri lonse, ndipo mphwace wa bwana sangadzutse injini imene saidziwa. Munthu wofuna ndalama kuti apereke kalata kwa akulu ndi wakuba; mbuzi kapena matumba a cimanga asagulitsidwe cifukwa ca iye.

Dziko linataya cuma cambiri pophunzitsa amisiri amenewa, ndipo ncomvetsa cisoni kuti luso lotere ligone m'mudzi cifukwa ca tsamba limodzi lolembedwa molakwa. Aphunzitsi, akalaliki ndi ana ophunzira amene apemphedwa kugwira colembera ayambe ndi funso limodzi kwa mkuluyo: kodi munali kugwira makina otani? Yankho lace ndilo liyenera kudzaza kalatayo.