Pempho kwa onse ofuna malo okakhala pamodzi kumudzi



Ife ndi kagulu ka nzika za m'tauni ndi kumudzi kamene kamakumana kukambirana nkhani za malo. Ambiri obwera kwa ife atopa ndi lendi komanso kuzimazima kwa magetsi. Akufuna kusonkhana mabanja angapo, kukamanga kumudzi, kulima dimba limodzi, kutunga pa mjigo umodzi ndi kuunikira sola osadikira mapolo a ESCOM. Maganizowa ndi abwino. Chotidetsa nkhawa n'chakuti ambiri akumayamba ndi kupereka ndalama kwa dobadoba, kapena kwa amfumu kuseri kwa nyumba, n'kubwerako ndi kakalata kolembedwa pa tsamba la m'kope.

Kakalata kotere si umwini. Amfumu ndi osunga malo a makolo m'malo mwa anthu awo, ndipo sangawagulitse ngati mbuzi ya m'khola mwawo. Lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe lidakonzedwanso mu 2022, lidakhazikitsa komiti ya malo kwa gulupu aliyense. Agulupu ndiwo apampando, ndipo mamembala ena 6 amasankhidwa ndi anthu a m'deralo, osachepera 3 mwa iwo ayenera kukhala amayi. Pempho lanu lidzere kumeneko, masana, anthu akuona. Lamulo lomweli limalola gulu la nzika kupempha malo ndi kuwalembetsa pamodzi, zomwe ndi zimene mukufunazo.

Pali chinanso chimene anthu a m'tauni amaiwala msanga. M'madera ambiri a chigawo chapakati ndi chakummwera munda ndi wa mbumba. Bambo amene akukulozerani malire ndi ndodo mwina ndi mkamwini chabe pamudzipo. Ngati alongo a m'mbumbamo, ana awo ndi mwinimbumba sadavomere, mudzamanga bwinobwino, koma tsiku lina mphwake wa kubanjako adzatsika basi kuchokera ku Joni n'kufunsa kuti alendowa adawaika ndani pamunda wa amayi ake. Mlandu wotere umadya zaka, ndalama ndi tulo. N'chifukwa chake njira yotsika mtengo kuposa zonse timati ndi kwanu komwe: mmodzi wa inu amene ali ndi mbumba yokhala ndi malo otakasuka ayambe wakhala pansi ndi abale ake, kenako nkhani ipite ku komiti.

Zokhala pamodzi pamalo ogula limodzi si zachilendo m'dziko muno. Kuyambira 2004 mpaka 2011 boma, mothandizidwa ndi World Bank, lidayendetsa ntchito ya Kudzigulira Malo. Mabanja pafupifupi 15,000, ena ochokera ku Thyolo ndi Mulanje kumene minda ya tiyi idapanikiza anthu, adagula malo a esiteti ku Machinga, Mangochi, ndipo pambuyo pake ku Balaka ndi Ntcheu. Banja lililonse linkapeza mahekitala pafupifupi awiri. Sankapita mmodzimmodzi. Ankapanga gulu, kusankha atsogoleri, kukaona malowo ndi maso, kukambirana mtengo ndi mwini esiteti wofuna kugulitsa, ndipo chikalata chinkatuluka m'dzina la gulu. Thandizo la ndalama lija lidatha, koma njirayo ikadalipo.

Choncho musanatulutse khobiri, lembetsani gulu lanu, kaya ngati kopaletivu kaya ngati thirasiti, kuti malo asadzakhale m'dzina la munthu mmodzi amene mawa angamwalire kapena kusintha mtima. Lembani malamulo anu mukadali kuseka limodzi: wofuna kuchoka adzatenga chiyani, wamasiye adzatsala bwanji, mjigo ukawonongeka adzasonkha ndani. Ndalama musonkhe mwa dongosolo la banki mkhonde, buku likhale poyera.

Mukapeza esiteti ya lizi, pitani ku ofesi ya unduna wa zamalo ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu mukafufuze. Kodi lizi idakalipo kapena idatha? Kodi msonkho wa malo wa chaka ndi chaka ukulipidwa? Kodi malowo sadaikidwe chikole ku banki? Malire awayese woyesa malo wovomerezeka, osati mtengo wa mango ndi chulu. Ngati thumba ndi lopepuka, bwerekani kaye munda kwa nyengo imodzi kapena ziwiri, mwa pangano lolembedwa ndi mboni. Mudzaona nokha ngati msewu umapitika m'dzinja ndiponso ngati madzi amafika mwezi wa Okutobala.

Za nkhalango zotetezedwa ngati Dzalanyama, ngakhale wina akutchipitsireni bwanji, musayerekeze. Pokumba mjigo funsani za chilolezo ku National Water Resources Authority. Kwa magetsi, pitani mukaphunzire ku Bondo ku Mulanje, kumene midzi imayatsa magetsi ochokera ku madzi a mtsinje wa Lichenya.

Kwa mafumu athu, tikupempha mwaulemu kuti alendo ofuna malo muziwalandirira pabwalo, komiti ilipo. Kwa inu ofuna malo, wina akakuuzani kuti "perekani lero, mapepala tidzakonza mawa", bwererani nazo ndalama zanu kunyumba.